Za nyumba ya Kamuzu ku Nguru-ya-Nawambe

Achimwene, mwafunsa ngati Nguru-ya-Nawambe ndi nyumba ya boma, komanso ngati ndi yoyenera kuisandutsa malo osungirako mbiri. Ya boma ayi. Sanjika ku Blantyre ndi Kamuzu Palace ku Lilongwe ndizo za boma, amakhalamo aliyense amene ali pampando. Koma ya ku Kasungu ija inali yakeyake ya Dr. Hastings Kamuzu Banda, kwawo kumene kunagwera mchombo wake.

Funso lachiwirilo ndiye landikhudza. Ine ndikuti inde, itsegulidwe, ana asukulu azilowamo. Achinyamata ambiri amangodziwa Ngwazi ya chipewa, ndodo ndi litchowa, osadziwa kuti mkulu ameneyu anali dokotala weniweni wogwira odwala. Anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry ku America mu 1937, nakawonjezera ku Edinburgh, kenako n'kugwira ntchito ku Liverpool, North Shields ndi London, asanasamukire ku Kumasi ku Ghana. Pamene ankatsika ndege pa Chileka pa 6 Julaye 1958 n'kuti atakhala kunja zaka zoposa 40, moti pamisonkhano ankalankhula Chingerezi wina n'kumamasulira. Chipinda chimodzi chikanangofotokoza zimenezi, mwana wa ku Mtunthama angaone kuti munthu wa kwawo komweko anafika kutali bwanji.

Komabe ndisabise, sindifuna nyumba yongotamanda. Agogo anga aakazi anali a mbumba. Chitenje chawo cha nkhope ya Kamuzu ankachisunga pansi pa sutikesi, chopindidwa bwinobwino, ndipo akachitulutsa ankayamba kung'ung'udza nyimbo za nthawi ija. Agogo omwewo ankatiuza motsitsa mawu za tsiku limene anabwezedwa pachipata cha msika chifukwa choiwala khadi la chipani, dengu la ufa lili pamutu. Zonse ziwirizi zinali zoona kwa iwo, ndipo zonse zikhalemo m'nyumbamo. Akhalemonso mayina a Dick Matenje, Twaibu Sangala, David Chiwanga ndi Aaron Gadama, andale anayi amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983. Gadama analinso mwana wa ku Kasungu komweko. Khoti linapeza Kamuzu wosalakwa pa mlanduwo mu 1995, zimenezonso zilembedwe.

Poti nyumbayo si ya boma, nkhani iyenera kuyambira kwa abale ake, boma likambirane nawo mwaulemu. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti amene ankaphika, kulondera ndi kusesa m'menemo akukalamba, popeza mwini wake anatisiya kale mu 1997. Wina apite msanga akajambule mawu awo adakali moyo.