Khomo lopanda batani ndi khomobe

Achimwene ena a ku Chawama andilembera imelo kuti: "Mu controller yanga ya CodeIgniter 3 muli function ya public imene ndimaiitana kwina, koma sindikufuna kuti munthu aifikire polemba URL. Nditani?"

CodeIgniter ndi framework, chida chomangira mapulogalamu a pa intaneti. Funso limeneli landikumbutsa ku Kamwala. Zaka zapitazo ndinalembera mayi ena ogulitsa zitenje ndi mabulangete pulogalamu yosunga ngongole za makasitomala. Munali function yotchedwa fafaniza_ngongole, ya public, yopanda batani pa menyu. Ndinkati popeza batani palibe, palibenso angaipeze.

Loweruka lina mayiwo anaimba foni. "Mwana wanga, m'buku muli ngongole, koma kompyuta ikuti ziro." Ndinakwera minibasi kuchoka ku Matero mtima uli phaphapha. Magetsi anali atazima, ndiye tinakhala pa mabelo, laputopu pamiyendo, batire likutha, ine ndikuyang'ana log, kaundula wa ma URL onse amene anatsegulidwa, mzere ndi mzere. Kenaka ndinauona: /makasitomala/fafaniza_ngongole/14. Wina anangolemba pamwamba pa browser, basi. Mayiwo sanakalipe. Anangotsegula buku lawo lachikuto chong'ambika nayamba kundiwerengera mayina, ndipo nkhope yawo ndimaikumbukirabe.

Ndinene mosapsatira, achimwene: vuto lagona pa mawu anu akuti "ndimaiitana kwina". Controller ili ngati kauntala ya m'shopu, ntchito yake nkulandira alendo. Ndalama sizigona pakauntala. Ngati function ikufunika malo awiri, kwawo nku model kapena library, mbali za pulogalamu zimene munthu sangazifikire polemba URL. Ndipo zoti framework izisandutsa yokha function iliyonse ya public kukhala URL ine sindizifuna mpang'ono pomwe. Eni ake a CodeIgniter 4 anazimitsa khalidwe limeneli, lotchedwa auto routing, kuti lisamabwere loyatsa kale kuyambira 4.2.0 mu 2022. Nawo a OWASP, bungwe loona za chitetezo cha mapulogalamu a pa intaneti, pa mndandanda wawo wa ziopsezo wa 2021, anaika Broken Access Control (kulola munthu kufika pamene sayenera) pa nambala 1. Anyamata ena amadalira is_ajax_request(), imene imangoyang'ana header, kachizindikiro kotumizidwa limodzi ndi pempho, koma header imeneyo aliyense atha kuipeka ndi curl, kapulogalamu kotumizira mapempho ku seva.

Tsono muchite chiyani?

Isamutsireni ku model kapena library. Ngati simungathe lero, ikhale protected, kapena yambani dzina lake ndi underscore, monga _fafaniza_ngongole. CodeIgniter 3 idzabweza 404 kwa woilemba pa URL. A ASP.NET MVC amaika NonAction, a Rails amaiika pansi pa private. Zotsala zimene ziyenera kukhala ndi URL, zizifufuza kaye amene walowa ndi udindo wake, ndipo chofafaniza chilichonse chizidzera pa POST (kutumiza fomu, osati kungolemba URL) yokhala ndi CSRF token, chizindikiro chachinsinsi chotsimikizira kuti pempho lachokera pa fomu yanu.