Masewera osakasaka mayankho pa masamu a madesimo

Madamu, mwafunsa ngati masewera osakasaka mayankho angatheke pa masamu a nkhani a madesimo, chikhalirecho ana anu a Sitandade 6 alipo 90 m'kalasi imodzi. Amatheka ndithu, ine ndimachita, koma mutuluke nawo panja. M'kalasimo angopondana.

Ndimadula makatoni a sopo kukhala makadi 12, paja TALULAR, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu, timaidziwa tonse. M'munsi mwa khadi ndimalembamo funso, pamwamba pake ndimalembapo yankho la funso la pa khadi lina. Gulu likawerengera n'kupeza 7.4, lisake khadi lomwe pamwamba pake pali 7.4, ndipo pomwepo lipeza funso lotsatira. Khadi lomaliza limawabwezera pomwe anayambira. Poti ana anu ndi ambiri, lembani makadiwo kawiri, ena mukhome pa mitengo, ena pa khoma kuseri kwa kalasi. Ana akhale anayianayi, gulu lililonse liyambire pa khadi lakelake.

Chomwe ndikufuna muchigwiritsitse ndi makadi onyenga. Tengani funso ili: mayi agula nsalu ya mamita 4.5, telala wadulapo mamita 1.75, yatsala yotalika bwanji? Yankho ndi 2.75. Koma mwana amene sabwereka amapeza 3.25, chifukwa amangochotsa nambala yaing'ono ku yaikulu paliponse. Wina amene salunjikitsa timadontho amapeza 1.30. Ndiye ine ndimakhomanso makadi awiri, lina la 3.25 lina la 1.30, ndipo m'munsi mwake mulibe funso, muli mawu akuti "Bwererani, onaninso kadontho." Ndimaima chapafupi n'kumaona amene akufikapo. Mphindi zochepa zokha ndimakhala nditadziwa amene akuvutika ndi kubwereka ndi amene akuvutika ndi kadontho, zomwe pochonga makope 90 ndikanazidziwa mawa lake.

Mafunso akhale a zinthu zoti ana amaziona. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 lapepetedwa, latsala makilogalamu 42.6. Mafuta ophikira malita 2.5 athiridwa m'mabotolo a malita 0.5. Za makwacha ndi matambala ndinachepetsa, chifukwa ana a masiku ano tambala sanaigwirepo, ngakhale amaloweza kuti matambala 100 ndi K1. Muikemonso funso limodzi lofananitsa 0.5 ndi 0.25. Mudzamva chisoni kuona kuchuluka kwa ana onena kuti 0.25 ndiye wamkulu poti 25 amaposa 5.

Ulendo woyamba zinandisokonekera. Mafunso anga awiri anali ndi yankho lofanana, magulu anangozungulira pa makadi anayi okha. Muwerengere nokha mafunso onse usiku wake, ndipo muyende njira yonse ana asanatuluke. Komanso anyamata othamanga ankangotsatira anzawo osawerengera, choncho pano mwana aliyense amayenda ndi kope, ndipo gulu lopanda ntchito yolembedwa sindililandira ngakhale lifike loyamba. Wowerenga funso mokweza azisinthana pa khadi lililonse, chifukwa ambiri chimawagwetsa ndi Chingerezi cha funsolo, ndipo pa mayeso a MANEB a Sitandade 8 palibe wowamasulira.

Piriyodi imodzi siikwana. Sankhani tsiku la mapiriyodi awiri ogundizana, mphindi 15 zomaliza mubwerere m'kalasi, magulu omwe anafika pa makadi onyenga aja alembe pa bolodi momwe anawerengera.