Makina a HD DVD otchipa aja: kodi ndi amodzi ndi a Blu-ray?

Mmodzi mwa owerenga athu watitumizira funso pa imelo. Akuti wapeza makina a Toshiba olembedwa HD DVD pamalo ogulitsa katundu wakale wochokera kunja, mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi a Blu-ray. Akufuna kudziwa ngati ndi amodzimodzi, komanso chimene chinawatchipitsa chonchi.

Achimwene, si amodzi ayi. Chimbale cha Blu-ray sichingasewere m'makina amenewo ngakhale mutachipukuta bwanji. Kutchipa kwake kuli ndi mbiri, ndipo mukaimva mudziwa nokha chochita.

Mu 2006 mitundu iwiri ya zimbale inkalimbirana malo a DVD. HD DVD inali ya Toshiba ndi NEC, mothandizidwa ndi Microsoft ndi Intel. Blu-ray inali ya Sony, Panasonic, Philips, Samsung ndi anzawo. Zonse zimawerengedwa ndi leza yabuluu, koma mapangidwe ndi osiyana. Pa HD DVD malo osunga filimu ali mamilimita 0.6 mkati mwa chimbale, ngati DVD wamba, choncho mafakitale a DVD ankangosintha pang'ono makina awo n'kuyamba kudinda. Pa Blu-ray malowo ali mamilimita 0.1 okha kuchokera pamwamba, zomwe zinafuna makina atsopano odula. Phindu lake linali kukula: gawo limodzi la Blu-ray limatenga 25GB pomwe la HD DVD limatenga 15GB.

Toshiba inasankha kumenya nkhondoyi ndi mtengo. Makina ake oyamba ku America, HD-A1, anatuluka mu Epulo 2006 pa madola 499. A Blu-ray oyamba, Samsung BD-P1000, anafika mu Juni pa madola 999, kuwirikiza kawiri. Akatswiri amene anaphwasula HD-A1 n'kuwerengera zipangizo zake anapeza kuti zinkadula kuposa mtengo umene makinawo ankagulitsidwa. Ndiye kuti Toshiba inkaluza dala pa makina aliwonse, poyembekeza kudzabweza ndalamazo kudzera m'malaisensi HD DVD ikadzapambana.

Chimene chinasokoneza masamu amenewa ndi PlayStation 3, makina a magemu a Sony. Inatuluka mu Novembala 2006 pa madola 499 ndi 599, ili kale ndi Blu-ray mkati. Aliyense wogula gemu imeneyi ankakhala kuti wagulanso makina oonera Blu-ray, kaya ankafuna kaya ayi. Microsoft nayo inali ndi HD DVD ya Xbox 360, koma inali bokosi lapadera la madola 199, loti munthu achite kukagula mwa kufuna kwake. Kusiyana kumeneku n'kumene ine ndimaona kuti kunagamula mlandu. Chakumapeto kwa 2007 Sony inatulutsanso PlayStation 3 ya 40GB pa madola 399.

Toshiba inangopitiriza kutsitsa. Mu Novembala 2007 Walmart, sitolo yaikulu ya ku America, inagulitsa makina a Toshiba a HD-A2 pa madola osakwana 100 pa selo yapadera, anthu anaima pamizere. Makina anapitadi, koma eni mafilimu sankawerenga makina, ankawerenga zimbale zogulidwa, ndipo chaka chonse cha 2007 zimbale za Blu-ray ku America zinkaposa za HD DVD pafupifupi kawiri. Universal inali kumbali ya HD DVD, Paramount inapita komweko mu Ogasiti 2007, koma Sony Pictures, Disney ndi Fox anakakamira pa Blu-ray. Warner Bros, imene inkatulutsa mitundu yonse iwiri, inalengeza pa 4 Januwale 2008 kuti itsalira pa Blu-ray yokha. Toshiba inayankha potsitsa HD-A3 kufika pa madola 150, koma madzi anali atatayika kale. Mu Febuluwale, Netflix, imene nthawi imeneyo inkabwereketsa zimbale za mafilimu, ndi Walmart anasiya HD DVD, ndipo pa 19 Febuluwale 2008 Toshiba inalengeza kuti yasiya kupanga makinawo. Amene mwapezawo ndi otsala a nthawi imeneyo.

Nanga mugule? Ngati cholinga chanu ndi kuonera mafilimu a HD, musagule. Zimbale zatsopano za HD DVD zinasiya kutuluka mu 2008, ndipo zakale zambiri, makamaka za Warner, zimadziwika kuti zimawonongeka mkati n'kumaima pakati pa filimu ngakhale zilibe chokanda. Muzizindikira ndi kabokosi: ka HD DVD n'kofiira, ka Blu-ray n'kabuluu.

Ngati mukungofuna oonera ma DVD wamba ndi ma CD, makinawa amagwira, ndipo chithunzi cha DVD amachikonza bwino chikadutsa pa waya wa HDMI. Kungoti amachedwa kudzuka, HD-A1 imatha pafupifupi mphindi yathunthu isanayambe kusewera. Musanapereke ndalama, tembenuzani makinawo muwerenge kumbuyo. Mitundu ya ku America monga HD-A2 ndi HD-A3 imafuna magetsi a 120V, pomwe athu ndi a 230V. Mukangolumikiza popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu, apsa nthawi yomweyo. Ya ku Ulaya, monga HD-E1 ndi HD-EP30, ilibe vuto limeneli. Tenganinso DVD yanu mukaiyese pomwepo, chifukwa zimbale za HD DVD zinalibe malire a zigawo za dziko lapansi, zinkasewera paliponse, koma ma DVD wamba makinawa amawasankha malinga ndi chigawo chimene anagulitsidwa.

Mukatembenukira ku Blu-ray yakale, yang'anani chilembo cha chigawo. Africa ndi Ulaya tili m'chigawo B, America ili mu A, choncho makina ochokera ku Britain kapena ku South Africa ndi amene angagwirizane ndi zimbale za chigawo chathu popanda kukana.