Laputopu yanga ikukana Windows 11, kodi ndiike Linux?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi a pasukulu ina ya sekondale ku Ntcheu. Ndaidula pang'ono, koma mfundo yake ndi iyi:

"Ndili ndi laputopu ya HP imene ndinagula yogwirapo kale ntchito. Ili ndi Core i5 ya m'badwo wa 6 ndi RAM ya 4GB. Ikundiuza kuti Windows 10 yatha nthawi, koma Windows 11 ikukana kulowa. Mnyamata amene amatikonzera makompyuta akuti andiikira Windows 11 yobera. Mphwanga akuti ndiike Linux. Ine ndimalembapo mayeso ndi kuwerengera malikisi a ana pa Excel. Ndalama yogulira ina ndilibe. Nditani?"

Aphunzitsi, zikomo pondilembera. Mphwanuyo akukuuzani zoona, koma lero musafufute kanthu kalikonse mulaputopumo. Tiyambe taona chimene chachitika.

Laputopu yanu sinawonongeke. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Makinawo aziyakabe, koma akuba a pa intaneti akapeza mpata wolowera, palibenso wobwera kudzautseka. Anaika ndondomeko yowonjezera chaka chimodzi kwa olembetsa, koma kumeneko n'kungokankhira vuto kutsogolo. Windows 11 nayo imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso purosesa, ubongo wa kompyuta, ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, imene inayamba kutuluka mu 2017. Yanuyo ndi ya mu 2015, ndiye yatsala kunja kwa mpanda. Izi zimandiwawa, chifukwa malaputopu ambiri amene timagula kuno amabwera atagwira kale ntchito m'maofesi akunja, ndipo ambiri ndi a zaka zimenezo. Makina olimba, kiyibodi yabwinobwino, sikirini yopanda mng'alu, koma akuti n'ngotha ntchito.

Za Windows yoberayo, ine ndikuti ayi. N'zoona kuti pali njira zozembera malamulowo ndipo Windows 11 imalowa, koma Microsoft inanena poyera kuti makina otere sakulonjezedwa kulandira zokonza, ma update aja. Choopsa kwambiri ndi timapulogalamu timene amagwiritsa ntchito pobera laisensi. Kuti tigwire ntchito, amayamba azimitsa chotetezera mavayirasi, kenaka n'kupereka ulamuliro wonse wa kompyuta kwa pulogalamu imene simukudziwa anailemba ndani. M'makina mmene muli mayeso a ana ndi malikisi awo, zimenezo sindingakulangizeni. Komanso pa RAM ya 4GB, malo amene kompyuta imasungira zimene ikugwira pa nthawiyo, Windows 11 izingokwawa.

Nanga Linux n'chiyani? Ndi operating system, ndiye kuti pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse, ntchito yomweyo imene Windows imagwira. Mu 1983 Richard Stallman, ku America, anayambitsa ntchito ya GNU pofuna kuti pakhale mapulogalamu amene aliyense angawagwiritse ntchito, kuwaphunzira, kuwasintha ndi kugawira anzake. Mu 1991 Linus Torvalds, mnyamata wa zaka 21 wa payunivesite ya Helsinki ku Finland, analemba mtima wa dongosololi n'kuuika pa intaneti kuti ena awonjezerepo. Ziwirizi zitaphatikizana ndiye panabadwa chimene timangochitchula kuti Linux. Chichewa chathu chimasiyanitsa bwino ulere ndi ufulu. Linux ndi yaulere, simulipira, koma chachikulu n'chakuti ndi yaufulu: malangizo onse amene anailembera ali poyera, ndipo laisensi yake imakulolani kukopera ndi kugawa. Mukapanga dawunilodi kamodzi, fulashi yomweyo ikhoza kuzungulira aphunzitsi onse a pasukulu panu, ndipo palibe amene waba.

Musaganize kuti ndi choseweretsa cha anyamata okonda makompyuta okha. Foni ya Android imene ili m'thumba mwanu imayendera mtima wa Linux. Kuyambira mu 2017, makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri padziko lapansi amayendera Linux. Mu 2024 boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany linalengeza kuti likusamutsa makompyuta pafupifupi 30,000 a m'maofesi ake kupita ku LibreOffice ndi Linux.

Chimene chimasokoneza oyamba kumene ndi kuchuluka kwa mitundu. Pali Debian, imene Ian Murdock anayambitsa mu 1993. Pa Debian anamangapo Ubuntu, imene inatuluka mu Okutobala 2004 ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi liwu lomwe lija ife timati umunthu. Pa Ubuntu anamangaponso Linux Mint mu 2006. Palinso Fedora, Arch ndi ena ambirimbiri, ndipo okonda zinthuzi amatha kutsutsana usiku wonse kuti wabwino ndi uti. Inu zimenezo zisiyeni. Tengani Linux Mint 22. Menyu yake ili pansi kumanzere, wotchi kumanja, monga munazolowera, ndipo adzaisamalira mpaka 2029. Imabwera m'maonekedwe atatu: Cinnamon, MATE ndi Xfce. Pa RAM yanuyo sankhani Xfce, ndiyo yopepuka.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa n'chimene Windows ilibe. Linux Mint mukhoza kuiyesa osaiika. Fayilo yake ndi ya pafupifupi 3GB, ndiye pezani malo a Wi-Fi kapena bandulo ya usiku, ndipo muitenge pa webusaiti ya eni ake basi. Pezani fulashi ya 8GB yopanda kanthu, chifukwa zonse za mmenemo zifufutika, n'kulembamo fayiloyo ndi pulogalamu ya Rufus kapena balenaEtcher. Zimitsani laputopu, lowetsani fulashi, yatsani, ndipo pa HP dinani Esc kenaka F9 kuti musankhe kuyambira pa fulashiyo. Pakapita mphindi zochepa muona Linux ikuyenda, pamene Windows yanu ili phee mkati, osakhudzidwa. Mukazimitsa n'kuzula fulashi, zonse zibwerera mwakale.

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Musadalire mawu anga kapena a mphwanu. Khalani nayo madzulo athunthu. Onani ngati Wi-Fi ikugwira, ngati mawu akumveka, ngati kamera ikuyaka. Mawa lake ipiteni nayo kusukulu muilumikize ku pulinta ya mu ofesi, musindikize tsamba limodzi. Mapulinta ambiri a HP amangodziwika okha, koma ena, makamaka akale a makampani ena, amavuta, ndipo ndi bwino mudziwiretu. Izioneka yochedwa pang'ono chifukwa ikuwerenga kuchokera pa fulashi, zimenezo zisakudetseni nkhawa. Wi-Fi ikakana, kawirikawiri chimakhala chipangizo cha Wi-Fi cha kampani ya Broadcom. Lumikizani foni yanu ndi chingwe cha USB kuti mupeze intaneti, tsegulani Driver Manager, ndipo ikuonetsani chofunika kuika.

Kuyesa kwenikweni kuli pa mafayilo anu. Mu Linux Mint mulibe Word kapena Excel, muli LibreOffice, imene inayamba mu 2010. Writer ndiyo yolembera, Calc ndiyo ya masamu, Impress ndiyo ya zoonetsa pakhoma. Tsegulani fayilo ya malikisi ya teremu yatha. SUM, AVERAGE, IF, RANK ndi VLOOKUP zimagwira ntchito chimodzimodzi, ndiye kuphatikiza malikisi ndi kupeza nambala ya mwana m'kalasi sikuvuta. Pamene pamakhala chopunthwitsa ndi pa mafayilo okhala ndi ma macro olembedwera Excel. Ngati fomu imene mumadzaza ili ndi mabatani odzichitira zinthu okha, iyeseni bwinobwino.

Pa zolemba ndikuuzeni zimene zinandionekera ine. Nditangosamuka kumene, ndinalemba ndondomeko ya mwambo wa chinkhoswe cha mlongo wanga, masamba awiri oyalidwa bwino, mayina a ankhoswe mbali ino, nyimbo mbali inayo. Ndinaisunga ngati fayilo ya Word (docx) n'kupita nayo kosindikiza m'tauni. Mtsikana wa pamenepo ataitsegula mu Word, masamba anakhala atatu, ndipo dzina la mkwati linatsala lokha pamwamba pa tsamba lomaliza. Kunja kunali kukuda, galimoto ikundidikira, ine thukuta kamukamu kukonza mzere ndi mzere pa kompyuta ya eni ake. Chinalakwika n'chakuti mtundu wa zilembo umene ndinalembera munalibe m'makina awo, ndiye Word inasankha wina wotambalala. Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse chopita kosindikiza ndimachisandutsa PDF, ndipo batani lake lili pamwamba pomwepo mu Writer. PDF sisuntha ngakhale kadontho. Kwa inu amene mumalemba mayeso okhala ndi matebulo, zojambula ndi mizere yoyankhirapo, limeneli likhale lamulo. Pa mafayilo amene mumatumizirana ndi anzanu kuti akonze, lembani ndi zilembo za Liberation Serif ndi Liberation Sans, zimene zinapimidwa kuti zifanane kukula ndi Times New Roman ndi Arial. Ikaninso Carlito, imene imalowa m'malo mwa Calibri.

Pali zina zimene mudzazikonda msanga. Mukudziwa vayirasi ija ya pa fulashi, imene imabisa mafoda onse n'kusiya ma shortcut okhaokha? Ndinaonapo mayi wina atagwira mutu, akuti zolemba zake za chaka chonse zapita. Tinalowetsa fulashiyo mu laputopu yanga ya Linux, mafoda onse anaonekera, pamodzi ndi tifayilo ta vayirasiyo, ndipo tinatifufuta ngati zinyalala wamba. Mavayirasi olembedwera Windows sayenda pa Linux. Izi sizikutanthauza kuti mwasanduka wosalasika. Munthu akakunamizani pa imelo n'kukuberani pasiwedi, Linux singakupulumutseni, ndipo fayilo yodwala mukhoza kuipatsira mnzanu wa Windows inu osadziwa.

China ndi bandulo. Linux Mint simayamba yokha kukoka zokonza inu muli pakati pa ntchito. Kachizindikiro kamaoneka pansi kumanja, mumaona kukula kwa zimene zikufunika, n'kusankha nokha nthawi. Koma musamazengereze mpaka mwezi, makamaka zokonza za Firefox, pulogalamu yotsegulira intaneti. Ndipo poti ndinu aphunzitsi, mwina mumavutika kulemba chilembo cha ŵ. M'mapulogalamu ambiri a Linux mukadina Ctrl, Shift ndi U pamodzi, n'kulemba 0175, kenaka Enter, chimatuluka.

Walira mvula walira matope, ndiye ndisakubisireni matopewo. Photoshop, CorelDRAW ndi mapulogalamu a akawunti monga Sage ndi QuickBooks ya pa kompyuta sanawapangire Linux. Alipo ena olowa m'malo, monga GIMP ndi Inkscape, koma munthu amene amadyera CorelDRAW tsiku ndi tsiku sindimuuza kuti asamuke. WhatsApp muzigwiritsa ntchito ya pa webusaiti. Chrome, Zoom ndi VLC zilipo. Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi la anthu. Windows ikavuta, pa msika uliwonse pali woidziwa. Linux ikavuta, mnyamata wanu uja mwina angokuuzani kuti tiifufute. Thandizo lambiri lili pa intaneti ndipo lili m'Chingerezi. Choncho mphwanuyo, poti ndiye wayambitsa nkhaniyi, mugwireni dzanja kuti akhale nanu mwezi woyamba. Za sikirini yakuda yolembapo malamulo ija anthu amaopa, simuifuna pa ntchito zanu, mapulogalamu mumaika podina mu Software Manager. Mukapeza malangizo pa intaneti oti mulembe lamulo loyamba ndi sudo, musalilembe musanamvetse chimene likuchita, chifukwa liwu limenelo limapereka mphamvu zonse.

Mukakhutira, konzekerani kuiika. Choyamba koperani mafayilo anu onse pa hadi disiki yakunja kapena mafulashi awiri, ndipo mutsegule angapo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akoperekadi. Tchajani batire lidzaze, chifukwa magetsi akazima ntchito ili pakati mukhoza kutsala opanda Windows, opandanso Linux. Poika idzakufunsani ngati mukufuna kufufuta zonse kapena kuika Linux pambali pa Windows. Ngati pali pulogalamu ya kuntchito imene imafuna Windows basi, sankhani kuika pambali, ndipo Windows yakaleyo muziitsegula pa ntchito yokhayo, osailumikiza ku intaneti. Mukamaliza, yatsani Timeshift, imene imasunga chithunzi cha dongosolo lonse kuti zikasokonekera mubwerere pamene zinali bwino. Dziwani kuti Timeshift sisunga zolemba zanu, zimenezo muzikopera nokha.

Mukadzapeza kangachepe, musathamangire laputopu ina. Ngati yanuyo ikadali ndi hadi disiki yozungulira ija, gulani SSD, disiki yosazungulira yothamanga kwambiri, ngakhale ya 256GB, ndipo ngati pali malo onjezerani RAM ifike 8GB. Kusintha kumene SSD imabweretsa pa makina a zaka zimenezo mudzakuona pongoyatsa.

Mukayesa pa fulashi paja mundilemberenso, aphunzitsi. Mundiuze dzina ndi nambala ya pulinta ya kusukulu kwanu, komanso ngati fayilo ya malikisi inatseguka bwino. Ikavuta, nditumizireni kope lake mutachotsamo mayina a ana, tiione limodzi.