Musalipire journal yolonjeza kusindikiza m'masabata awiri

Mayi wina amene angomaliza PhD ya maphunziro a ndale atilembera imelo. Kafukufuku wawo anali pa chisankho cha pulezidenti cha 2019 chimene khoti linachithetsa pa 3 February 2020, ndi chobwereza cha pa 23 June. Journal ina (magazini yosindikiza zotsatira za kafukufuku) yawalonjeza kusindikiza pepala lawo m'masabata awiri akalipira madola 150. Akufunsa kuti: "Ndilipire, poti kuntchito sakweza munthu wopanda zosindikiza?"

Ayi mayi, musalipire. Journal yeniyeni imapereka pepala kwa akatswiri awiri kapena atatu kuti aliunike osadziwa mwini wake, ndipo zimenezi zimatha miyezi. Ya masabata awiriyo ikungofuna ndalama. Chopweteka n'chakuti pepala likatuluka kumeneko simungalitumizenso kwina, ndiye zaka zanu zonse zalowa m'madzi. Fufuzani journal imeneyo mu Scopus kapena DOAJ (mindandanda ya pa intaneti ya ma journal ounikidwa), muonenso ngati akonzi olembedwa patsamba lake alikodi ku mayunivesite akutchulidwawo.

Yambani ndi mutu umodzi wa thesis (buku la kafukufuku wanu wa PhD), osati yonse. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amafinya masamba 250 kukhala 25, pepala n'kutuluka lokhudza zonse koma lopanda mfundo. Sankhani funso limodzi, mwachitsanzo ngati chigamulo cha khoti chija chinasintha chikhulupiriro cha anthu pa makhoti. Afrobarometer, bungwe lofufuza maganizo a anthu mu Africa, yakhala ikufunsa Amalawi mafunso otere kuyambira 1999, ndipo mayankho ake amapezeka mwaulere pa intaneti. Yerekezani za chigamulo chisanaperekedwe ndi za pambuyo pake, muphatikize ndi zimene munamva pocheza ndi anthu. Yankho lanu lioneke m'ndime ziwiri zoyambirira, pamodzi ndi mkangano wa akatswiri umene mukulowererapo. Mkonzi akafika tsamba lachitatu osalipeza, amabweza pepala lisanafike n'komwe kwa ounika.

Malo oyenera nkhani yanu ndi monga African Affairs, Journal of Modern African Studies kapena Journal of Southern African Studies. Ambiri otere amafuna mawu pakati pa 8,000 ndi 10,000, koma werengani malamulo a imene mwasankha. Tumizani ku imodzi yokha panthawi imodzi. Chotsani dzina lanu m'pepalamo, ngakhale mobisika mu fayilo ya Word, ndipo tsegulani ORCID (nambala yokuzindikiritsani ngati wofufuza), ndi yaulere.

Akayankha kuti "revise and resubmit" (konzani mutumizenso) musagwe mphwayi, imeneyo ndi nkhani yabwino ngakhale ndemanga zake zimaluma. Siyani papite masiku awiri mtima ukhale pansi. Kenako lembani kalata yoyankha ndemanga iliyonse payokhapayokha: anati chiyani, mwasintha chiyani, patsamba liti. Pamene simukugwirizana nawo, nenani mwaulemu ndipo perekani umboni. Akakaniratu, konzani zimene zili zoona m'ndemangazo, mutumize ku journal yachiwiri mwezi usanathe.