Funsani Alangizi: Makasitomala akundithera mpamba ndi ngongole

Funso: Alangizi ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kabizinesi kogulitsa katundu kwa anthu oti nawonso amakagulitsa, nde ambiri amatenga pa ngongole kuti adzapereka akagulitsa. Mu kope zikuoneka kuti phindu lilipo koma mthumba mulibe kanthu moti pano ndikulephera kuoda katundu wina. Pali bambo wina amene amagula kwambiri, ngongole yake yatha miyezi itatu, ndikaimba akuti mawa, mawa lakelo likafika foni sayankha, koma sabata yatha anatuma wantchito wake kudzatenganso katundu ndipo ndinapereka poopa kuti ndikakana apita kwina ndi ndalama zanga zomwe. Nditani?
Mayi wa bizinesi

Yankho: Mayi pepani, zimenezi zimawawa, ntchito mwagwira katundu watuluka koma ndalama zili mmanja mwa ena. Ndiyambe ndi za sabata yathazo. Katundu wina asatulukenso kupita kwa bambowo mpaka apereke, kaya zonse kaya gawo lomwe mugwirizane. Mantha anuwo ndikuwamva ndithu koma taganizani, munthu oti foni yanu sakuyankha koma akutha kutuma wantchito ndiye kuti akukufunanibe, ndipo katundu wanuyo ndi amene angawabweretse pakhomo kuti mukambirane. Mukamapereka mukungokulitsa ngongole yomwe ikuvuta kale.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti pa katundu ogulitsa 100, mpamba ndi 90 phindu ndi 10. Munthu akapita ndi katundu wa 100 osapereka mwataya 90 yanu yeniyeni, ndipo kuti 90 imeneyo ibwerere muyenera kugulitsa katundu wa 900 kwa anthu olipira. Nchifukwa chake ine sinditcha munthu kasitomala wamkulu poona kuchuluka kwa zomwe amatenga, ndimaona zomwe amapereka.

Lero lomwe khalani pansi mulembe aliyense amene ali ndi ngongole, ndalama zake ndi tsiku lomwe amayenera kupereka, kenako muwagawe: amene achedwa masiku osapitirira 30, a 31 mpaka 60, a 61 mpaka 90, ndi opitirira 90. A gulu loyambalo nthawi zambiri meseji yokumbutsa imakwana. Mphamvu zanu ziyambire pa ngongole zikuluzikulu zomwe zakhalitsa chifukwa ngongole ikamakalamba kubwera kwake kumavuta, pakadafunda padajiwitsa.

Tsopano kalonjereredwe kake, apa mpamene ambiri amagwa. Amaimba foni kuyamba ndi kupepesa, pepani ndakuvutitsani, ndili ndi kavuto pang'ono, ngati akupempha thandizo. Ayi mayi, ndalamazo ndi zanu. Perekani moni mwaulemu basi kenako tchulani invoyisi yake (pepala losonyeza katundu amene anatenga ndi ndalama zoti apereke), ndalama zake ndi tsiku lomwe linadutsa, mufunse kaye ngati panali vuto lililonse ndi katunduyo kuti asadzabisale kumeneko mtsogolo, ndiye mufunse funso limodzi: mupereka tsiku liti ndipo zingati? Mukafunsa khalani chete ayankhe okha. Mawa, posachedwa, zikangoyenda, amenewo si mayankho, pakufunika tsiku la pa kalendala. Mukangodula foni lembani meseji yoti monga tagwirizana mupereka zakutizakuti pa tsiku lakuti, muwapemphe ayankhe kuti zoona. Meseji imeneyo muisunge, ndi umboni oti ngongoleyo akuivomera. Tsikulo likafika imbani mmawa wa tsiku lomwelo, mukalidumpha ndi sabata mwawaphunzitsa kuti masiku anu ndi ongonena.

Akati zonse pakamodzi sangathe musakane, anthu ena zimawavutadi, mwinanso iwowo anakongoza ena. Gawani ngongoleyo muzigawo, chilichonse ndi tsiku lake, mulembe papepala asaine pali mboni, koma gawo loyamba lituluke tsiku lomwelo ngakhale lochepa. Ofuna kubweza amayamba ndi kangachepe, ozemba amakana ngakhale kusaina.

Zikakanika zonsezi lembani kalata yomaliza yowapatsa masiku 7 kapena 14, munene poyera kuti akapanda kupereka nkhaniyi ipita ku khoti, kope ina ya kalatayo musunge. Maiko ambiri ali ndi njira yoweruzira ngongole zing'onozing'ono mosafuna loya, kafunseni ku khoti lapafupi, mutatenga mainvoyisi, mapepala omwe anasaina polandira katundu ndi mameseji aja. Musamaopseze chinthu choti simuchita, akangodziwa kuti mumangonena sadzakuopaninso. Komanso musachedwe kwambiri, malamulo amaika malire a zaka zomwe munthu angasumire ngongole.

Za mtsogolo ndinene mwachidule. Munthu watsopano agule kaye kangapo ndi ndalama pamanja. Aliyense akhale ndi malire a ngongole yomwe sangadutse. Pa oda yaikulu tengani dipoziti, invoyisi ituluke tsiku lomwe katundu watuluka itatchula tsiku lolipira, ndipo muzikumbutsa kutatsala masiku ochepa tsikulo lisanafike, pamenepo palibe amene amakwiya.

Funso: Ine ndimakonza zinthu ku kampani ina koma kulipira kwake kumatenga miyezi, bwana amene amandipatsa ntchito amangoti nkhani ili ku akaunti. Akundinamiza?
Mmisiri

Yankho: Achimwene mwina sakunama. Mu kampani opereka ntchito ndi wina olipira ndi wina, nde funsani dzina la munthu wa ku akauntiyo muziyankhula naye mwachindunji. Mufunseni ngati invoyisi yanu inafika, ngati yasainidwa ndi ovomereza, ngati ikufunika nambala ya oda yawo, komanso kuti amalipira masiku ati pa mwezi. Kawirikawiri mupeza kuti pepala lanu langokhala pa tebulo chifukwa cha kanambala kamodzi kosoweka ndipo palibe anakuuzani.

Funso: Pali mayi wina wandizemba chaka chonse, ndikufuna ndimuike pa Facebook ndi chithunzi chake anthu amudziwe, komanso ndiwonjezere chiwongoladzanja pa nthawi yonseyi. Ndalakwa?
Otopa nazo

Yankho: Achemwali mtima wanu ndikuumvetsa koma chonde musatero. Mukamuyalutsa pagulu nkhani imatembenuka, iye akhoza kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri, ndipo munthu oti wachita kale manyazi alibenso chomuopetsa, amangouma mtima. Makasitomala enanso akaona amayamba kukutalikirani. Chimodzimodzi kupita kwawo kukalanda katundu mwamphamvu kapena kutuma anyamata okamuopseza, mlandu umagwera inu amene munali olungama.

Za chiwongoladzanja, ngati simunagwirizane poyamba musangodziikira nokha pano, mumupatsa poyambira mkangano ndipo ngakhale ndalama zenizenizo zichedwa. Chilango cha kuchedwa chimalembedwa mu mgwirizano katundu asanatuluke. Kwa mayiyu tsatirani njira ya kalata yomaliza yomwe ndafotokoza pamwambapa, ndipo ngati kulibe pepala lililonse yambani ndi kumulembera meseji yotchula ndalamazo, akangoyankha kuti ndikudziwa ndipereka, umboni mwaupeza.