Pasiwedi ndi yomweyo koma laputopu ikukana: yankho kwa achimwene a ku Bangula

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Bangula amene amasunga mabuku a gulu la alimi a thonje. Laputopu yawo ndi ya kaunjika yochokera ku UK, ili ndi Ubuntu (pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows), ndipo disiki yake ndi yokiya, moti ikamayaka imayamba yafunsa pasiwedi. Sabata yatha anasintha pasiwediyo mu pulogalamu ya Disks, n'kuikamo @ ndi #. Kutacha, makinawo anakana. Papepala analemba bwinobwino, akutsatira chilembo ndi chilembo, koma ayi ndithu. Mnyamata wokonza mafoni pamsika wawauza kuti mankhwala ake n'kufomata basi.

Achimwene, musafomate. Mukatero maina a alimi ndi ngongole zawo zapita, ndipo palibe katswiri amene angazibweze. Musaopenso kuyesa: LUKS, njira imene Ubuntu amakiyira disiki, sifufuta kanthu ngakhale mulakwitse kangati. Ikatopa imangosiya kufunsa, inu muzimitse n'kuyatsanso.

Ndikuganiza kuti simunaiwale chilichonse. Batani la pa kiyibodi silitumiza chilembo chimene chalembedwa pamwamba pake. Limangouza kompyuta kuti batani la pamalo akutiakuti ladinidwa, ndipo kompyutayo ndi imene imasankha chilembo malinga ndi kiyibodi imene yauzidwa kuti ilipo. Inuyo mutagula laputopu munasankha kiyibodi ya UK mu Settings kuti zilembo zizigwirizana ndi mabatani. Zimenezo zimagwira ntchito mukalowa kale mkati. Kapulogalamu kofunsa pasiwedi poyatsa kamadzuka Settings zanuzo zisanadzuke, ndipo kamatsatira kiyibodi imene inasankhidwa tsiku loika Ubuntu, imene nthawi zambiri imakhala ya US.

Onani kusiyana kwake. Pa kiyibodi ya UK, @ ili pafupi ndi Enter, pa batani limodzi ndi kachizindikiro kamene timalemba mu ng'ombe. Pa ya US, Shift ndi batani lomwelo zimatulutsa ", pomwe @ ili pa Shift ndi 2. Nayo # pa UK ili ndi batani lakelake moyandikana ndi Enter, koma pa US ili pa Shift ndi 3. Popeza sikirini imangoonetsa timadontho, munthu sungadziwe kuti ukulemba zina. Choncho yatsani laputopuyo, lembani pasiwedi yanu monga mwa masiku onse, koma pofika pa @ dinani Shift ndi 2, pofika pa # dinani Shift ndi 3. Zolembedwa pa mabatanizo musazilabadire.

Zikakanikabe, onani Caps Lock ndi Num Lock. Pa malaputopu ang'onoang'ono Num Lock imasandutsa u, i, o, j, k, l kukhala manambala. Komanso fumbi la kuno m'chilimwe limaumitsa mabatani, ndiye yesani ndi kiyibodi yobwereka ya USB. Njira yomaliza ndi kuyatsa makinawo ndi fulashi ya Ubuntu, kusankha kiyibodi ya UK, n'kutsekula disiki muli m'menemo. Amene anaika £ mu pasiwedi alibe njira ina koma imeneyi, chifukwa pa kiyibodi ya US chizindikirocho palibe.

Mukalowa, konzeranitu. Mu Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo a kompyuta, lembani sudo dpkg-reconfigure keyboard-configuration, sankhani UK, kenako sudo update-initramfs -u kuti kapulogalamu ka poyatsa kaja kamve nawo. Ndipo onjezani pasiwedi yachiwiri ndi sudo cryptsetup luksAddKey, kutsogolo kwake n'kulemba dzina la disiki yokiyayo. LUKS ili mitundu iwiri: LUKS1 imalola mapasiwedi 8 pa disiki imodzi, LUKS2 mpaka 32, ndiye palibe chifukwa chokhalira ndi kiyi mmodzi.

Pali msampha wina umene umatikola ife olemba Chichewa. Wina amaganiza kuti akaika ŵ wa kachipewa, monga mu Malaŵi, wakuba sangaitulukire pasiwediyo. Komatu disiki siiona zilembo, imaona manambala. Mu UTF-8, njira imene kompyuta imasungira zilembo ngati manambala otchedwa mabayiti, ŵ akhoza kusungidwa ngati chilembo chimodzi cha mabayiti 2, kapena ngati w wamba ndi kachipewa kapadera, mabayiti 3. Pamaso n'chimodzimodzi, kwa disiki ndi mapasiwedi awiri osiyana. Kuonjezera apo, poyatsa kompyuta mulibe njira yomulembera ŵ ameneyo. Kachizindikiro ka mu ng'ona nakonso kali pawiri: koongoka ka pa kiyibodi, ndi kopindika kamene Word ndi mafoni ena amaika okha. Mukakopera pasiwedi kuchokera mu Word, mwina mwatenga kopindikako osadziwa.

Anzathu a Windows asaseke. BitLocker ndi VeraCrypt, mapulogalamu okiyira disiki pa Windows, nazo poyatsa zimayembekezera kiyibodi ya US. Mwayi wa BitLocker ndi woti ili ndi kiyi wopulumukira wa manambala 48, amene kawirikawiri amasungidwa mu akaunti ya Microsoft. Ndipo kuno kumalire makina amachokera kulikonse. Olowera ku Marka kuchokera ku Mozambique ena amakhala ndi kiyibodi ya Chipwitikizi, imene @ yake ili pa AltGr ndi 2. Ya ku Germany imasinthanitsa y ndi z, ya ku France imasuntha a, q, w, z ndi m.

Malangizo oti pasiwedi izikhala ndi zizindikiro zambiri ndi abwino pa Facebook ndi ku banki, koma pa disiki ine sindigwirizana nawo. Mphamvu ichokere ku kutalika. Sankhani mawu 6 kapena 7 osagwirizana, a zilembo zing'onozing'ono zokhazokha, opanda ŵ ndi tizizindikiro. Mwambi wodziwika ayi, chifukwa wina akhoza kuulota. Pa US, UK ndi Chipwitikizi zilembo za a mpaka z zili malo amodzimodzi, ndiye pasiwedi yotere imalowa paliponse mwa zitatuzi.

Mukaika yatsopanoyo, zimitsani n'kuyatsanso kuti muone ngati ikulowa musanachotse yakale. Pepala lake likulungeni m'pulasitiki, lisakhale m'chikwama cha laputopu, ndipo lina mukasungitse kwa msungichuma wa gulu kumtunda. Amene anaona madzi a 2015 ndi a Freddy mu 2023 akudziwa chifukwa chake.